Mchape wa ku Machinga ndi LA wa Kuchipatala

Amayi, m'sewero la pa wailesi lija munamva apongozi akuumiriza wodwala kumwa mizu kuti mphamvu zibwerere. Nkhani yotereyi si yachilendo kwathu kuno.

Ena mukukumbukira chaka cha 1995, Balaka akadali m'boma la Machinga. Bambo Billy Goodson Chisupe a m'mudzi mwa Chikamana, kufupi ndi Liwonde, anati analota mtengo wochiza Edzi. Ankaviika khungwa lake m'madzi, anthu nkumamwa. Mankhwalawo anatchedwa mchape. Akuti anthu pafupifupi 300,000 anakhamukirako, ena atachita kunyamulidwa. Koma palibe kafukufuku amene anaonetsa kuti mchape umachotsa kachilombo m'magazi. Odwala ambiri anadzuka pamphasa boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004.

Musaganize kuti ife achipatala timadana ndi zitsamba. LA wa malungo, amene anayamba kuperekedwa mu 2007, gawo lake lina linachokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Kusiyana kwake nkwakuti mankhwalawa anawayesa pa odwala ambiri mpaka kudziwa mlingo wake. Mizu ya m'botolo ilibe mlingo, ndipo ina imaononga chiwindi ndi impso, makamaka za mwana wofooka.

Mwana akachira malungo, chimene thupi lake likufuna ndi chakudya. M'phala muthiremo nsinjiro ndi ufa wa masamba a chammwamba, omwe ali ndi ayironi ndi vitamini A. Malambe, amene ali mbwee kuno ku Balaka, ali ndi vitamini C wambiri. Ngati zikhatho zake zikadali zotuwa, bwerani naye kusikelo timuyeze magazi.