Thonje la ku Golomoti ndi Ulendo wa Nsalu

Mlimi wa thonje wa ku Golomoti, ku Mua kapena ku Mtakataka savala nsalu ya thonje lake. Amagulitsa thonjelo pa sikelo, nakagula pa kaunjika malaya osokedwa ku Bangladesh amene wina adavalapo kale ku Britain. Ophunzira amati uku ndiko kulumikizana kwa maiko onse pa malonda, ndipo amakamba ngati kuti zayamba dzulodzuloli. Komatu mbiri ya chigwa cha kunsi kwa mapiri a Dedza itiuza kuti nkhaniyi ndi yakale.

Makolo athu adali kupota thonje ndi kuomba nsalu zao. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859 adapeza Amang'anja alikulima thonje ndi kuomba nsalu zotchedwa machila. Tsono amalonda a minyanga ndi akapolo adali kubwera ndi nsalu zoombedwa pa makina, monga merikani wa ku America. Masitolo atafala m'nthawi ya atsamunda, nsalu yogula idapambana yoomba pamanja, ndipo luso la makolo lidazilala.

Ku Lancashire, m'dziko la Angerezi, kudali mafakitale ambirimbiri a nsalu, koma kumeneko thonje silimera. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865 idawasowetsa thonje, antchito nagona ndi njala. Eni mafakitale sadaiwale zimenezi. M'chaka cha 1902, chaka chomwe ansembe a White Fathers adayamba mishoni ya Mua, ku Manchester kudakhazikitsidwa bungwe la British Cotton Growing Association kuti lilimbikitse ulimi wa thonje m'maiko olamulidwa ndi Britain. Nyasaland lidali limodzi mwa maikowo. Msonkho wa nyumba udathandizira, pakuti munthu wosowa mashilingi a msonkho adayenera kulima mbewu yogulitsa kapena kupita kukagwira ntchito kutali.

M'chaka cha 1935 njanji idafika ku Salima kudzera ku Golomoti ndi ku Mtakataka, ndipo chaka chomwecho mlatho wa pa Zambezi udatsegulidwa. Chigwa chino chidalumikizana ndi doko la Beira. Taonani tsono mmene ntchito idagawidwira. Kulima, kupalira ndi kutola thonje pa dzuwa loswa mtengo zidali zathu. Kupota, kuomba ndi kunyika utoto, kumene kuli phindu lenileni, zidali za ku Lancashire. Mtengo wa thonje nawo udali kupangidwa m'misika ya kutsidya kwa nyanja, mlimi osafunsidwa.

Ufulu utabwera, dziko lidayesa kubweza ntchitozo kuno. Fakitale ya David Whitehead idayamba kuomba nsalu ku Blantyre m'chaka cha 1967, nilemba anthu zikwizikwi, ndipo ADMARC, imene idakhazikitsidwa mu 1971, idali kugula thonje m'midzi. Kwa nthawi ndithu mai wa ku Mua adatha kuvala chitenje choombedwa m'dziko lake lomwe. Koma m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pa uphungu wa World Bank ndi IMF, boma lidatsegula malire a malonda. Nsalu zotchipa za ku Asia ndi mabelo a kaunjika zidasefukira m'misika. Fakitale ija idafooka, ndipo mu 2003 boma lidaigulitsa ku kampani ya Mapeto.

Nanga a ku Lancashire adapambana kodi? Iai. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mafakitale ao adatsekedwa motsatizana kuyambira m'zaka za m'ma 1950, chifukwa nsalu za ku India, ku Pakistan ndi ku Hong Kong zidali zotchipa. Pambuyo pake makampani akuluakulu a zovala adaleka kusoka okha. Adasunga dzina la malonda ndi masitolo, napereka ntchito yosoka kwa makampani ena a m'maiko a malipiro ochepa. Kale Wenela adali kunyamula anyamata athu kuwapititsa ku migodi ya ku Johannesburg, kufikira ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974 idapha Amalawi 74 ndipo boma lidaimitsa ulendowo. Pamenepo wantchito ndiye adali kutsata ntchito. M'malonda a zovala ntchito ndiyo imatsata wantchito wotchipa, ndipo ikampeza wotchipa koposa imasamuka osatsazika.

Malawi adalawako zimenezi. Lamulo la America la AGOA la m'chaka cha 2000 lidalola zovala zosokedwa m'maiko ngati lathu kulowa kumeneko popanda msonkho, ndipo mafakitale osoka a ku Blantyre adapeza msika. Koma mu 2005 malire amene adali kuchepetsa zovala za ku Asia m'misika ya maiko olemera adachotsedwa, ogula nathamangira ku China ndi ku Bangladesh. Kumeneko ntchito zidachuluka ndithu, ndipo atsikana ambiri a kumidzi adayamba kulandira malipiro. Mtengo wake udaoneka mu 2013, pamene nyumba ya mafakitale ya Rana Plaza idagwa nkupha anthu oposa 1,100.

Kunena zoona, wogula wapindula. Lero mwana wa mlimi wosauka savala sanza monga kale, ndipo kaunjika amadyetsa mabanja ambiri. Koma tikumbukire kuti m'zaka zoposa zana limodzi mbali ya mlimi wa m'chigwa chino sidasinthe: amagulitsa thonje losapota pa mtengo umene sadaupange. Njanji ilipo, ndipo kuyambira mu 2022 ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20. Chimene chatsala, anzanga, ndi chakuti tiumirire kuti thonje lipotedwe ndi kuombedwa pafupi ndi munda umene lamera, pakuti ntchito yongobwereka kwa alendo imachoka tsiku limene eni ake afuna.