Za Lamulo Loletsa Mphunzitsi Kugwira Wothamanga

Tsidya la nyanja, m'dziko la America, muli masewera a mpira amene acha softball. Anayambika m'mzinda wa Chicago caka ca 1887, pamene anyamata ena, ali m'nyumba ya Farragut Boat Club, anamanga cobvala ca m'dzanja ca omenyana nkhonya nacisandutsa mpira, naumenya ndi mpini wa tsace. George Hancock ndiye anawakonzera malamulo oyamba. Koma dzina lakuti softball linadza m'mbuyo, mu 1926, ndipo malamulo amodzi a dziko lonselo anaikidwa mu 1934.

Maseweredwe ace ndi awa. Pabwalo pali malo anai oimapo, otalikirana mapazi 60, amene ife tidzawacha zigono, monga zija za paulendo. Munthu akamenya mpira ndi cibonga, athamanga naponda cigono ciri conse motsatana, ndipo akafikanso pamene anayambira, a mbali yace apata cigoli. Akadumpha cimodzi osaciponda, ayenera kubwerera. Tsono pambali pa cigono coyamba ndi cacitatu paima aphunzitsi, ndiwo ompfuulira wothamanga kuti apitirire kapena aime. Pakamwa aloledwa, koma manja ai. Mphunzitsi akamkankha, akamkoka malaya, kapena akamdzutsa atagwa, woweruza amturutsa wothamangayo, ndi liwiro lace lonse lapita pacabe. Baseball, amene ali ngati mkuru wace wa softball, analemba lamulo lotere mu 1914, lonena za mphunzitsi wa pa cigono cacitatu. Ife tiliyesa labwino, pakuti kukadapanda ilo, ukadapambana ndi mkono wa mphunzitsi, si miyendo ya wothamanga.

Koma taonani cimene cinacitika ku Ellensburg pa 26 April 2008. Atsikana a sukulu yaikuru ya Western Oregon analikusewera ndi a Central Washington. Wina dzina lace Sara Tucholsky anamenya mpira nudumpha mpanda, cinthu cimene sanacicite ndi kale lonse. Ndipo pa mpira wotere munthu azungulira zigono zonse popanda womletsa. Anzace awiri amene anali pa zigono anafika bwino. Iye mwini, kapena cifukwa ca cimwemwe, anapitirira cigono coyamba osaciponda, ndipo potembenuka kuti abwerere, mtsempha wa m'bondo unaduka, nagwa pansi, nakwawa kufikira anacigwira cigonoco.

Aphunzitsi ace anaima pafupi, namuona alikulira ndi ululu, koma sanathe kumkhudza. Oweruza anati a mbali yace akamthandiza aturutsidwa, ndi kuti wina akalowa m'malo mwace adzaima pa cigono coyamba pomwepo, ndipo mpira wodumpha mpanda uja sudzawerengedwa kwa Sara.

Pamenepo Mallory Holtman, wa mbali yolimbana nayo, amene anasunga cigono coyambaco, anafunsa ngati iye ndi anzace angaloledwe kumnyamula. Oweruza anapangana, ndipo sanapeze lamulo lokaniza. Pakuti olemba malamulo anacenjera ndi dzanja la bwenzi, osaganizako za dzanja la wolimbana naye. Tsono Holtman ndi mnzace Liz Wallace anamnyamula pakati pao, namuka naye pang'ono pang'ono, namtsitsa pa cigono ciri conse kuti aciponde ndi phazi losapwetekalo. Cigoli cimene anacisenza coteroco cinawerengedwa motsutsana ndi iwo eni, ndipo Central Washington anagonja tsikulo, zigoli 2 kwa 4.

Pambuyo pace akuru oyang'anira masewera a m'sukulu zazikuru ananena kuti oweruza aja anaphonya pa mau ao aciwiri: mpira utadumpha mpanda, wolowa m'malo mwa wopweteka aloledwa kutsiriza zigono zonse, ndi cigoli ciwerengedwabe. Oweruza akadalidziwa bwino buku lao, Sara akadamcotsa pabwalo ali pa cigono coyamba, ndipo wina akadamthamangira zitatu zotsalazo.