Diso la kumwamba lomwe linaona Karonga ikutitimira

Abale ndi alongo a kuno kunja, ambiri a ife tikatumiza ndalama kumudzi kuti atiwotchere njerwa timafunsa za mtengo wa malata ndi simenti basi. Za nthaka yomwe nyumbayo idzakhalepo sitifunsa. Ine lero ndafuna ndikambe mbiri ya luso lina loyezera kusuntha kwa nthaka kuchokera mlengalenga, lomwe akatswiri amalitchula kuti InSAR, ndi momwe linafikira kwathu.

Tiyambire ku Salima. Pa 10 Malichi 1989 chivomerezi champhamvu yopitirira 6 pa sikelo chinagwedeza boma limeneli, chinapha anthu 9 ndipo anthu pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Nthawi imeneyo akatswiri ankadalira makina omvera kugwedezeka kwa nthaka, ambiri mwa iwo ali kutali kumaiko ena. Makinawo ananena kuti gwero lake linali lakuya, makilomita oposa 30 pansi pa nthaka. Chaka chomwecho ku America, Gabriel, Goldstein ndi Zebker anaonetsa kuti zithunzi za rada za setilaiti ya Seasat, yomwe inauluka mu 1978, zingathe kuyeza kufufuma kwa minda yothirira ku California. Ochepa okha ndiwo anasamala.

Kagwiridwe kake nkotere. Setilaiti imadutsa makilomita 700 kapena 800 kumwamba, nkuponya mafunde a rada pansi, mafundewo nkubwerera ngati mawu ogunda phiri. Usiku kapena mitambo sizimailepheretsa. Pakapita masiku imadutsanso njira yomweyo nkujambulanso. Ngati nthaka yatsika kapena yakwera pakati pa maulendo awiriwa, mtunda woyenda mafundewo umasintha pang'ono, ndipo kompyuta ikasanjikiza zithunzi ziwirizo pamatuluka mizere yamitundumitundu ngati utawaleza. Pa setilaiti ya ku Ulaya ya ERS-1, yomwe inaponyedwa mu 1991, mzere umodzi umatanthauza mamilimita 28. Ukawerenga mizere wadziwa kuti nthaka yasuntha bwanji. Ine chimandizizwitsabe nchakuti chinthu chili kutali choncho chizizindikira kusuntha kosaposa mphindi imodzi ya chala.

Dziko linadzidzimuka mu 1993, pomwe Didier Massonnet wa ku France ndi anzake anatulutsa m'magazini ya Nature chithunzi cha chivomerezi cha ku Landers, California, cha pa 28 Juni 1992. Aka kanali koyamba anthu kuona ndi maso chigawo chonse momwe chinapindikira, osati pamalo awiri kapena atatu pomwe panali zikhomo za oyeza malo. Kuno ku Africa lusoli linamveka kwambiri mu 2005 ku Afar, m'dziko la Ethiopia, komwe nthaka inang'ambika mtunda wa makilomita 60 nkutseguka mpaka mamita 8 m'masabata ochepa, chifukwa cha chiphalaphala chamoto chomwe chinkadzipanikiza pansi.

Kenako inafika nthawi yathu. Kuyambira pa 6 Disembala 2009 Karonga inagwedezeka kambirimbiri, ndipo chachikulu, champhamvu ya 6.0, chinabwera usiku wa pa 19 kuchera pa 20 Disembala anthu ali mtulo. Anthu anayi anamwalira, mazana anavulala, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka, ndipo mabanja anadyera Khirisimasi m'matenti mvula ikugwa. Mafunso anali awiri. Kodi ndi mng'alu waukulu wa Livingstone, womwe uli m'tsinde mwa mapiri a kutsidya kwa nyanja ku Tanzania, womwe wadzuka? Kapena ndi moto wa pansi, poti mapiri a Rungwe sali kutali? Mafunsowa sanali achibwana, chifukwa yankho lake ndilo likanauza anthu ngati kukubwera choopsa choposa.

Juliet Biggs ndi anzake anatenga zithunzi za setilaiti ya Envisat ya ku Ulaya ndi ALOS ya ku Japan, ndipo zotsatira anazisindikiza mu 2010. Anapeza kuti si Livingstone ayi. Unali mng'alu wina wocheperapo, makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwake, pafupi ndi tauni ya Karonga yeniyeniyo, wosazama kuposa makilomita 6. Chizindikiro cha chiphalaphala chamoto sanachione. Kusazama kumeneku ndiko kunachititsa kuti zivomerezi zomwe sizinali zazikulu kwenikweni ziwononge chonchija. Mng'aluwu pano umadziwika ndi dzina la St Mary's, ndipo chisanafike chaka chimenecho sunkawerengedwa pa ming'alu yoopsa, popeza dothi la m'dambo linaukwirira.

Pano ndichenjeze, chifukwa ena akamva za setilaiti amaganiza kuti ndi mlosi. InSAR sinena tsiku lomwe chivomerezi chidzabwere. Ilinso ndi zofooka zomwe zimatikhudza ife kwambiri. Mvula ikagwa, tchire ndi chimanga zikakula, chithunzi cha lero sichifanananso ndi cha mwezi watha ndipo mizere ija imasokonekera. Apa mpomwe ALOS inathandiza, poti mafunde ake ndi aatali, masentimita 23 ndi kanthu, ndipo amapyola masamba. Chinyezi cha mumpweya nachonso chimachedwetsa mafunde, mwakuti katswiri wosasamala angatenge mtambo nkuuyesa kutitimira kwa nthaka.

Envisat inasiya kugwira ntchito mu 2012, ALOS mu 2011. M'malo mwa Envisat munalowa Sentinel-1 mu 2014, ndipo chosintha chachikulu chinali chakuti zithunzi zake ndi zaulere kwa aliyense amene ali ndi intaneti. Mwana wathu wophunzira za miyala ku Zomba atha kuzitenga chimodzimodzi ndi wa ku London, malinga magetsi ayake.

Ntchito ilipo yomudikira. Mng'alu wa Bilila-Mtakataka, m'tsinde mwa zitunda za Dedza ndi Ntcheu, ndi wautali makilomita oposa 100. James Jackson ndi Tom Blenkinsop, omwe anaulemba mu 1997, anati utasweka wonse nthawi imodzi ungabweretse chivomerezi champhamvu yoyandikira 8. Msewu wa kunyanja ndi njanji ya ku Salima zimadutsa m'chigwa cha m'munsi mwake.