Makina a loboti ndi mafizo a mkono kwa odwala sitiroko

Sitiroko, yomwe ambiri amaitchula kuti matenda ofa ziwalo, imagwa pamene mtsempha wopititsa magazi ku ubongo watsekeka kapena waphulika. Wodwala amafooka mbali imodzi ya thupi, ndipo kawirikawiri mkono umachedwa kuchira kusiyana ndi mwendo. Kwa mlimi wa ku Ndunde m'boma la Chiradzulu, izi zitanthauza kulephera kugwira khasu ngakhalenso kutema nsima.

M'mayiko ena, ntchito yophunzitsanso mkono imathandizidwa ndi makina a loboti. Ena mwa makina oyamba ndi MIT-Manus, omwe anayamba kupangidwa mu 1989 pasukulu ya ukachenjede ya Massachusetts Institute of Technology ku America. Wodwala amagwira chogwirira n'kumachilunjikitsa pa chizindikiro chooneka pakompyuta. Makinawo amayeza mphamvu ndi liwiro la mkonowo, ndipo amakankhira pokhapokha wodwala akalephera. Mphamvu zikamabwerera, thandizolo limachepetsedwa, motero aliyense amalandira mafizo olingana ndi vuto lake.

Komabe kafukufuku wa RATULS, yemwe anakhudza odwala 770 ku Britain ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anapeza kuti makinawa sanapose chisamaliro cha nthawi zonse pobwezeretsa ntchito ya mkono. Poti makinawa ndi okwera mtengo, mfundoyi ndi yofunika kwa adindo okonza ndondomeko ya chuma cha zaumoyo.

Kuno ku Malawi mafizo amadalira akatswiri ndi achibale osamalira wodwala. Odwala ochokera kuzipatala zazing'ono monga cha Ndunde amatumizidwa kuchipatala cha boma cha Chiradzulu, ndipo ofunika thandizo loposa amapita ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, komwe kulinso malo a mafizo a Kachere. Maphunziro a digiri ya mafizo anayamba mu 2010 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences.

Kupewa nakonso n'kofunika. Kafukufuku wa mu 2009 wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lomwe limayambitsa sitiroko. Munthu akapindika kamwa, kufooka mkono kapena kulephera kulankhula mwadzidzidzi, ayenera kuthamangitsidwa kuchipatala nthawi yomweyo.