Mfuti zachiwaya zolembetsa ku United States: malamulo ake ndi mtengo wake

Mfuti yachiwaya, imene pa Chipwitikizi amati metralhadora, ndi mfuti imene imalavula zipolopolo motsatizana munthu akangokoka kamodzi kachitsulo kowombera. Makanema a pa foni amaonetsa anthu wamba a ku United States akuwombera mfuti zotere, ndipo ena amaganiza kuti kumeneko zimagulidwa ngati makasu pamsika. Sizili choncho. Lamulo limalola munthu wamba kukhala nayo, koma njira yake ndi yopapatiza ndipo ndi ya anthu a ndalama.

Lamulo lalikulu limatchedwa National Firearms Act, ndipo analisainira Pulezidenti Franklin D. Roosevelt m'chaka cha 1934. Nthawi imeneyo magulu a zigawenga ankaphana m'mizinda ndi mfuti za Thompson. Ku Chicago, pa 14 February 1929, anthu 7 anaphedwa tsiku limodzi. Boma silinaletse mfutizi, koma linalamula kuti iliyonse ilembedwe m'kaundula wa boma, ndipo poisamutsa kuchoka kwa mwini wake kupita kwa wina pazilipidwa msonkho wa madola 200. Ndalamayi inkafanana ndi mtengo wa Thompson yeniyeniyo, choncho munthu ankagula mfuti imodzi pa mtengo wa ziwiri. Msonkhowu udakali madola 200 mpaka lero, pafupifupi 13,000 meticais, ndipo kwa wogula wa masiku ano ndi kandalama kochepa.

Chimene chinakweza mitengo ndi lamulo la 1986. Pa 19 May chaka chimenecho Pulezidenti Ronald Reagan anasainira Firearm Owners Protection Act, momwe munali ndime imene anabweretsa phungu William Hughes wa ku New Jersey. Ndimeyi inatseka kaundula: mfuti yachiwaya yopangidwa pambuyo pa tsikuli siingagulitsidwe kwa munthu wamba, imapita kwa asilikali, apolisi ndi amalonda a chiphaso chapadera basi. Zimene anthu wamba angagulitsane ndi zakale zokhazokha, ndipo ndi zochepa kwambiri m'dziko la anthu oposa 330 miliyoni. Imodzi ikawonongekeratu palibe ina yolowa m'malo mwake. N'chifukwa chake kamfuti kosalimba ngati MAC-11 kamagulidwa madola pafupifupi 10,000 kapena kuposa, pamene M16 imafika madola 30,000 n'kupitirira, ndiye kuti pafupifupi 2 miliyoni meticais. Imeneyi ndi mfuti ya zaka 40, imene boma likamagulira asilikali yatsopano limalipira kagawo kochepa chabe ka mtengowu. Ambiri amaigula ngati chuma chosunga, monga mmene mlimi amasungira ng'ombe.

Wogula amalemba fomu yotchedwa Form 4 ku nthambi ya boma ya ATF, n'kuperekanso zithunzi ndi zidindo za zala. A FBI amafufuza ngati sanapalamulepo mlandu waukulu, ndipo mkulu wa apolisi wa dera lake amadziwitsidwa. Mfutiyo saitenga mpaka fomu itabwerako ndi sitampa ya msonkho. Akafuna kudutsa nayo malire kupita ku chigawo china amayamba wapempha chilolezo. Zigawo zina, monga New York, Illinois ndi Hawaii, sizilola n'komwe munthu wamba kukhala nayo ngakhale boma lalikulu litavomera. Mwini wake akamwalira, wolandira chuma cha masiye amadzazanso fomu, koma msonkho salipira.

Zipolopolo nazo zimadya thumba. M16 imatha zipolopolo 30 m'masekondi osakwana 3.

Wopezeka ndi mfuti yachiwaya yosalembetsa akhoza kukhala m'ndende zaka 10. Lamulo limaona ngati mfuti yachiwaya ngakhale kachipangizo kakang'ono kosinthira mfuti wamba kuti iziwombera mosalekeza, kakhale kali kokha m'thumba. Yosalembetsa siingalembetsedwe lero. Mwayi wotero unaperekedwa kwa masiku 30 okha mu 1968.

Ku Mozambique kulibe khomo lotere. AK-47 ili pa mbendera ya dziko, koma malamulo a zida, Decreto 8/2007, amasiya zida za nkhondo m'manja mwa asilikali ndi achitetezo. Zambiri zimene zinatsala nkhondo itatha mu 1992 zinasonkhanitsidwa kudzera m'ntchito ya Transformação de Armas em Enxadas, imene Conselho Cristão de Moçambique inayambitsa mu 1995 motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, pamene anthu ankapereka mfuti n'kulandira makasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mlimi amene wafukula mfuti yakale m'munda asaigwire kapena kuibisa m'nyumba, akauze mfumu ya mudzi ndi apolisi a PRM.