Liwiro la m'mapiri: momwe thupi limakonzekerera chitunda ndi mtsetse

Liwiro la m'mapiri ndi mpikisano wothamanga mtunda wautali m'tinjira tapansi todutsa m'nkhalango, m'matanthwe ndi m'zitunda, osati pamsewu wa tala. Kuno kwathu wodziwika kwambiri ndi Porters' Race wa m'phiri la Mulanje, womwe umachitika nyengo yachisanu, kawirikawiri mu July. Othamanga amanyamukira pa Likhubula, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsira ku Lichenya, n'kutsikiranso pomwe ananyamukira, mtunda wa makilomita opitirira 20. Poyamba unali mpikisano wa amtengatenga ndi olondolera alendo m'phirimo, koma masiku ano aliyense wodzidalira amalowa nawo, kuphatikizapo anthu a m'maofesi ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Kunja, mpikisano wotchuka ndi Ultra-Trail du Mont-Blanc, womwe unayamba mu 2003. Umayambira ku Chamonix n'kuzungulira phiri la Mont Blanc kudzera m'maiko a France, Italy ndi Switzerland, pafupifupi makilomita 170, ndipo zitunda zake zonse mukaziphatikiza zimakwana mamita pafupifupi 10,000. Katswiri wa ku Spain, Kilian Jornet, anaupambana koyamba mu 2008 ali ndi zaka 20, ndipo mu 2022 anaumaliza maola 20 asanakwane.

M'phiri makilomita paokha sanena zonse. Okonza mipikisanoyi amawerengera mamita 100 alionse okwera ngati kilomita imodzi yoonjezera. Kuchoka pa Likhubula kukafika pamwamba pa Chambe n'kukwera mamita pafupifupi 1,000, choncho munthu amakhala ngati wathamanga kale makilomita 10 ena asanafike n'komwe pakati pa ulendo.

Maziko: kuthamanga mofatsa

Gawo lalikulu la kukonzekera ndi kuthamanga kofatsa, kwa liwiro loti munthu angathe kucheza ndi mnzake osachita wefuwefu. Akatswiri ambiri a mtunda wautali amathera pafupifupi magawo anayi mwa asanu a nthawi yawo pa liwiro lotere. Limakulitsa mphamvu ya mtima, limachulukitsa timitsempha tofikitsa magazi m'minofu, komanso limaphunzitsa thupi kugwiritsa ntchito mafuta m'malo modalira shuga yekha. Ongoyamba kumene ambiri amalakwitsa pomwepa: tsiku lililonse amathamanga ngati akuthawa galu, ndipo pakatha mwezi bondo latupa.

Amene anazolowera kale kuthamanga makilomita 10 amafunika miyezi itatu kapena inayi. Mtunda uzikula pang'onopang'ono, ndipo sabata yachinayi iliyonse izikhala yopepuka kuti thupi lichire. Kamodzi pa sabata pazikhala ulendo wautali wa m'phiri, wowerengedwa ndi maola osati makilomita, kuyambira ola limodzi ndi theka mpaka kufika maola atatu kapena anayi.

Chitunda

Kuyenda pachitunda si manyazi. Njira ikaima kwambiri, kuyenda mwamphamvu, manja atatsamira pantchafu ndi mapazi akuponda pafupipafupi, kumadya mphamvu zochepa kuposa kuthamanga, chonsecho liwiro silisiyana kwenikweni. Ngakhale akatswiri amatero. Koma ndi luso lofunika kuliphunzira, pakuti limalemetsa akatumba ndi msana m'njira yomwe msewu wathyathyathya suphunzitsa.

Njira yosavuta ndiyo kusankha chitunda chotenga mphindi zitatu mpaka zisanu, kukwera mwamphamvu, kutsika mofatsa, n'kubwereza kanayi kapena kasanu ndi kamodzi. Okhala ku Blantyre ali ndi Michiru, Soche ndi Ndirande. A ku Zomba ali ndi njira ya Potato Path yokwera phiri lawo. A ku Lilongwe amayenera kupita ku Bunda, ku Nkhoma kapena ku Dedza. Pakati pa sabata masitepe a nyumba zosanja amathandiza. M'mapiri a m'mbali mwa mizinda n'kwanzeru kupita pagulu, kutacha.

Mtsetse, pomwe ambiri amathera

Wosadziwa amaopa kukwera, koma chomwe chimawononga miyendo ndi kutsika. Pamtsetse minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki: imakungika uku ikutamuka, ndipo phazi lililonse likamatera imalandira kulemera koposa kwa thupi lenileni. Timinofu tating'onoting'ono timang'ambika. Ululu wake subwera pomwepo. Umakula pakatha tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo munthu amavutika ngakhale kukhala pampando. Pampikisano weniweni, miyendo yosazolowera imayamba kunjenjemera mtsetse usanathe, ndipo pomwepo ndi pamene anthu amagwa, kubinya akakolo kapena kusupuka pamiyala. Ku Mulanje mtsetse waukulu uli kumapeto, thupi litatopa kale.

Ubwino wake ngwakuti minofu imaphunzira msanga. Munthu akatsika phiri mwamphamvu kamodzi n'kuchira, ulendo wotsatira ululu umachepa kwambiri, ndipo chitetezo chimenechi chimakhala masabata angapo. Choncho n'kokwanira kuchita mtsetse wamphamvu kamodzi pa masabata awiri. Kuchita tsiku ndi tsiku n'kudzipweteka chabe.

Luso lake nali: mapazi aziponda pafupipafupi komanso mopepuka, mawondo akhale opindika pang'ono, manja atambasuke kuti thupi lisapendeke, maso aone mamita angapo kutsogolo osati pazala. Mantha amakokera munthu kumbuyo, n'kumaponda ndi chidendene, koma pathanthwe lonyowa kutero ndiko kuterereka.

Kawiri pa sabata ndi bwino kulimbitsa miyendo kunyumba: kunyonyomala n'kudzuka, kukwera ndi kutsika pakhonde ndi mwendo umodzi (potsika muzichedwa dala), kunyang'ama, ndi kuima ndi phazi limodzi mutatsinzina kuti akakolo alimbe. Amtengatenga a ku Mulanje zonsezi amazipeza pantchito. Wa mu ofesi ayenera kuzifunafuna.

Chakudya ndi madzi

Shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi amatha pakadutsa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri a ntchito yolimba. Ulendo ukapitirira pamenepo, wothamanga amafunika magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola. Nthochi imodzi imapereka pafupifupi 25. Mbatata yophika, buledi wopaka uchi kapena masiwiti zimagwira ntchito yomweyo, bola mimba ikhale itazizolowera panthawi yokonzekera. Kudya kuziyamba njala isanamveke.

Madzi amwedwe molingana ndi ludzu. Kumwa madzi ochuluka mopitirira, wopanda mchere uliwonse, kumasungunula mchere wa m'magazi, vuto lomwe limayamba ndi mutu ndi chizungulire ndipo likhoza kupha.

Nyengo ya pamwamba

Pa mamita 1,000 alionse okwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mu June ndi July chiperoni chimatha kukuta Mulanje m'kanthawi kochepa, njira n'kusowa m'nkhungu, miyala n'kuyamba kuterera. Wothamanga wovala kamalaya konyowa ndi thukuta akavulala n'kuima, kuzizira kumamulowa msanga. Jekete yopepuka yotchinga mphepo isamasiyidwe, ndipo pokayesera njira m'phirimo pamafunika wolondolera. Mpweya nawonso umapepuka: pa mamita 2,000 phuma limakwera msanga, makamaka kwa wochokera kumalo otsika monga kuchigwa cha Shire.

Nsapato zikhale za mano akuya kunsi, zokulirapo pang'ono kutsogolo kuti zala zisagunde potsika. Zikhadabo zakuda zimachokera pamenepo. Za pakaunjika zilibe vuto ngati mano ake sanaperepeseke, koma zatsopano zisavalidwe koyamba patsiku la mpikisano.

Amene wangochira malungo, ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi kapena amamva kupweteka pachifuwa akamakwera, ayambe waonana ndi dokotala. Kukatsala masabata awiri, mtunda uchepetsedwe kufika pafupifupi theka, ndipo mtsetse wamphamvu womaliza uchitike kutatsala masiku osachepera 10.