Linga la Vaduz: Nyumba Imene Eni Ake Anaigula Osaiona

Anzanga amene tinakhalira benchi limodzi, mukumbukira mmene tinkalowezera mayina a mafumu a ku Ulaya pa phunziro la History, koma mayeso atangotha n'kuwaiwala. Lero ndafuna ndikubwezereni m'kalasi pang'ono ndi mbiri ya nyumba imodzi, imene yandiphunzitsa zambiri za umwini wa malo.

Pakati pa Switzerland ndi Austria, m'mapiri a Alps, pali dziko laling'ono lotchedwa Liechtenstein. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 160 okha ndipo anthu ake ndi pafupifupi 40,000. Pamwamba pa likulu lake, Vaduz, pali linga lamiyala lomangidwa pathanthwe, loyang'ana chigwa cha mtsinje wa Rhine. Nsanja yake yakale kwambiri inamangidwa m'zaka za m'ma 1100, ndipo zolembedwa zimalitchula koyamba m'chaka cha 1322.

Eni ake oyamba odziwika bwino anali mafumu aang'ono a banja la Werdenberg-Sargans. Pambuyo pawo linapita kwa banja la Brandis, ndipo m'nthawi yawo, m'chaka cha 1499, asilikali a ku Switzerland analitentha pa nkhondo ya Swabia. Banja la Sulz litalitenga mu 1510 linalimanganso ndi kulilimbitsa ndi nsanja zozungulira. Mu 1613 linagulitsidwa kwa banja la Hohenems.

Apa ndiye panayambira misozi. A Hohenems analowa m'ngongole zosaneneka, ndipo ulamuliro wawo umakumbukiridwa chifukwa cha milandu ya ufiti. Anthu ambiri anaphedwa atakakamizidwa kuvomera mwa kuzunzidwa, ndipo chuma cha oweruzidwawo chinkalandidwa. Madandaulo atafika kwa Mfumu Yaikulu Leopold I, kunachitika kafukufuku. Mu 1684 zigamulozo zinathetsedwa ndipo Ferdinand Karl von Hohenems anachotsedwa paudindo. Ngongole zokha ndizo zinatsala, choncho malowo anayenera kugulitsidwa.

Wogula anapezeka ku Vienna. Banja la Liechtenstein linali lolemera kwambiri, ndi minda yaikulu ku Austria, Bohemia ndi Moravia. Komabe minda yonseyo inali pansi pa ambuye ena, ndipo lamulo la nthawiyo linkafuna kuti wokhala ndi mpando m'msonkhano waukulu wa ufumu akhale ndi dziko loyankha kwa Mfumu Yaikulu yokha. Vaduz ndi dera loyandikana nalo la Schellenberg anali malo otere. Choncho Kalonga Johann Adam Andreas anagula Schellenberg mu 1699, ndipo mu 1712 anagula Vaduz pa mtengo wa magulden 290,000. Pa 23 January 1719, Mfumu Yaikulu Charles VI inaphatikiza madera awiriwa kukhala dziko limodzi, n'kulipatsa dzina la banja logulalo.

Tsono chodabwitsa n'chakuti chimene akalongawa ankafuna chinali mpando, osati nyumba kapena anthu. Anapitiriza kukhala ku Vienna ndi ku Moravia, ndipo dziko ankaliyendetsa kudzera mwa akapitawo. Panapita zaka zoposa 120 kalonga wolamulira asanaponde m'dziko lakelo. Woyamba anali Alois II mu 1842. Nyumba yopanda mwini imaonekera patali. Lingalo linayamba kugumuka, ndipo pa nthawi zosiyanasiyana linakhalapo ndende, nyumba ya asilikali, ngakhalenso malo omwera vinyo. Kalonga Johann II ndiye analikonzetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mu 1938, chaka chimene Germany ya Hitler inameza Austria, Franz Josef II analowa ukalonga ndipo anakhala woyamba kukhazikika ku Vaduz. Nkhondo itatha mu 1945, boma la Czechoslovakia linalanda malo onse a banjali m'dzikomo, kuphatikizapo nyumba zachifumu za Lednice ndi Valtice. Chuma chinaphwa mpaka mu 1967 banjali linagulitsa chithunzi cha Ginevra de' Benci, chojambulidwa ndi Leonardo da Vinci, ku National Gallery of Art ya ku Washington. Kadziko kamene anakanyalanyaza kwa zaka 200 ndiko kanawasunga. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Lero lingali ndi la banja la Liechtenstein ndipo alendo saloledwa kulowamo chifukwa ndi pakhomo pa anthu. Hans-Adam II analowa ukalonga mu 1989, ndipo mu 2004 anapereka ntchito za tsiku ndi tsiku kwa mwana wake Alois. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 2003, panali mkangano wa malamulo oyendetsera dziko, ndipo kalongayu ananena kuti asamukira ku Vienna ngati maganizo ake akanidwa. Anthu anavota ndipo pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse anagwirizana naye. Ena anaona ngati kunali kuwopseza. Ena anati anthu sanafune kubwerera ku masiku a mwini wokhala kutali. Pa 15 August chaka chilichonse, mwambo wa tsiku la dzikolo umachitikira pabwalo la pafupi ndi lingali.

Ife ogwira ntchito m'boma timaona mapepala a umwini tsiku ndi tsiku, ndipo timadziwa kuti siginecha siifolera denga. A Liechtenstein anali ndi pepala kuyambira 1712, koma umwini weniweni unayamba pamene anabwera kudzakhala pakati pa anthu. Anzanga, sukulu yathu ija timaitcha yathu tikakumana m'tauni. Tidzifunse kuti tinapondako liti komaliza, ndipo pamsonkhano wotsatira tibwere ndi yankho.